Aphunzitsi akuti pepala langa ndi losalongosoka: ndiyambire pati?

Funso: Ndili m'chaka chachitatu ku yunivesite. Asaimenti yanga yapitayi inabwera yofiira ndi inki. Aphunzitsi analemba kuti mfundo zilipo koma pepala ndi losalongosoka, mareferensi ndi osokonekera, ndipo ndinataya malikisi ambiri. Semesita ino tikulemba lipoti la kafukufuku la masamba pafupifupi 30. Pa kalembedwe ka mareferensi, anzanga ena akuti tigwiritse ntchito sitayilo ya APA, ena akuti ya Harvard. Kodi pepala lotere limasanjidwa bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo pofunsa, ndipo mtima ukhale m'malo. Mawu akuti "mfundo zilipo" ndi abwino kuposa mmene mukuwamvera, chifukwa chovuta kupeza muli nacho kale. Chatsalachi chimaphunzirika.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga ntchito za ophunzira ndaona kuti liwu lakuti "losalongosoka" limamveka mosiyana kwa wolemba ndi kwa wochonga. Wophunzira akaliona amathamangira ku fonti, ku malire a tsamba, ku mipumiro ndi mipatuliro. Ife nthawi zambiri timakhala tikudandaula china: tafika tsamba lachinayi tisanadziwe funso limene pepalalo likuyankha. Zonse ziwiri n'zofunika, koma kasanjidwe ka mfundo ndiko kamayamba, maonekedwe a tsamba n'kumatsatira. Ndiyankha motsata ndondomeko yomweyo.

Ya APA ndi Harvard tithane nayo msanga. Wosankha si inu, si anzanunso ayi. Ndi dipatimenti yanu kapena mphunzitsi wa kosi imeneyo. Madipatimenti ambiri ali ndi kabuku ka malangizo a kalembedwe ka lipoti la kafukufuku. Kapezeni lero, ndipo pamene zonena zanga zasiyana ndi kabukuko, tsatani kabukuko. Ngati kulibe, funsani supavaiza wanu zinthu zitatu: sitayilo iti ya mareferensi, mawu kapena masamba angati, ndipo pepala lidzaperekedwa losindikiza kapena kudzera pa intaneti. Safunsa anadya phula. Harvard ndiye imafunika kufunsa kwambiri, chifukwa ilibe buku limodzi lolamula ngati APA. Mayunivesite ambiri ali ndi Harvard yawoyawo, ndipo zimasiyana pa tinthu ting'onoting'ono monga poika mabulaketi a chaka.

Tsono tengani kapepala, mulembe funso la kafukufuku wanu m'chiganizo chimodzi. "Kugona ndi maphunziro" si funso, ndi mutu chabe, ndipo mutu wotere umalola chilichonse kulowa: mbiri ya tulo, kuipa kwa foni usiku, maganizo anu pa mayeso. Koma mukalemba kuti "Kodi ophunzira a chaka choyamba amene amagona maola osakwana 6 m'sabata ya mayeso amakhoza mosiyana ndi amene amagona maola 8?", chiganizocho chakuuzani kale zoti muwerenge, anthu oti muwafunse, zoti muyeze, ngakhale tebulo limene lidzakhale pakati pa lipoti lanu. Kapepalako kamateni pamene mumalembera. Ndime iliyonse imene sikuthandiza kuyankha funsolo ichoke, ngakhale munaivutikira usiku wonse. Ndikudziwa kuti zimawawa. Koma mapepala ambiri osalongosoka amene ndawachonga sanali osowa mfundo, anali odzaza ndi mfundo zabwino za pepala lina.

Lipoti la kafukufuku, makamaka m'maphunziro a sayansi, zaumoyo ndi za kakhalidwe ka anthu, limatsata njira yodziwika ndi dzina lachidule lakuti IMRaD, kutanthauza Introduction (mawu oyamba), Methods (njira), Results (zopeza) ndi Discussion (zokambirana). Katswiri wa ziwerengero wa ku Britain, Austin Bradford Hill, anaifotokoza mu 1965 ngati mafunso anayi amene wowerenga amabwera nawo: munayambiranji, munachita chiyani, munapeza chiyani, nanga zikutanthauzanji? Ndimakonda kuwauza ophunzira mafunso amenewa kusiyana ndi mayina a machaputala, chifukwa ukakhala ndi ndime m'manja osadziwa poiika, umangodzifunsa kuti ikuyankha funso liti mwa anayiwa, malo ake n'kuonekeratu.

Mawu oyamba ndi amene amagwetsa ambiri. John Swales, amene anafufuza mmene akatswiri amalembera mawu oyamba a mapepala awo, anaonetsa mu 1990 kuti amaponda masitepe atatu. Amayamba ndi kunena nkhani ndi kufunika kwake. Kenako amaonetsa mpata, chinthu chimene sichinayankhidwe kapena chimene ofufuza sakugwirizana. Pomaliza amanena kuti pepala ili likulowa pa mpata umenewo. Ophunzira amalemba sitepe yoyamba masamba atatu, yachiwiri n'kuidumpha, n'kugwera pa zolinga. Wochonga amatsala akudzifunsa kuti zolingazi zachokera kuti. Fufuzani m'mawu anu oyamba liwu lakuti "komabe" kapena lofanana nalo, pamene mukutembenuka kuchoka pa zodziwika kupita pa zosadziwika. Likasowa, mpata wanu sunaoneke. Ndipo funso lanu lisadikire tsamba lachinayi. Lionekere pofika kumapeto kwa tsamba loyamba kapena lachiwiri.

Chaputala chachiwiri, chounika zimene ena analemba, chili ndi matenda akenso. Chimasanduka mndandanda: uje anati chakuti, uje anapeza chakuti, ndime iliyonse munthu wake. Pamenepo mwasonyeza kuti munawerenga, koma simunasonyeze kuti munaganiza. Sanjani motsata nkhani, osati motsata olemba. Pa chitsanzo chathu chija, gawo lina likhale la mmene tulo timakhudzira kukumbukira, lina la mmene ofufuza ayezera maola ogona ndi zofooka za njira zawozo, lina la zimene zapezeka pa ophunzira a ku yunivesite. M'gawo lililonse olemba angapo akumane, muonetse pamene akugwirizana, pamene akutsutsana, ndi mbali imene inu mukuiona kuti ili ndi umboni wolemera. Chaputalachi chithere pa mpata womwe uja munautchula koyambirira.

Za njira ya kafukufuku sindichulutsa gaga m'diwa. Lembani zimene munachitadi, mokwanira kuti munthu wina athe kubwereza: anthu angati, munawasankha bwanji, munagwiritsa ntchito chida chanji, munasanthula motani, chilolezo munachipeza bwanji.

Zopeza ndi zokambirana zisasakanikirane. M'chaputala cha zopeza mumangonena zimene zatuluka. Chifukwa chake, kufanana kwake ndi za ofufuza ena, ndi zofooka za kafukufuku wanu, zonsezo zidikire chaputala cha zokambirana. Ndipo nali langizo limene ndaona likukonza malipoti ambiri kuposa lina lililonse: ngati muli ndi zolinga zitatu, chaputala cha zopeza chikhale ndi magawo atatu otsatana chimodzimodzi ndi zolingazo, cha zokambirana chimodzimodzi, mathero chimodzimodzi. Wochonga amagwira tsamba la zolinga ndi chala, n'kumatembenuza kutsogolo kufuna yankho la cholinga chachiwiri. Akalipeza pamalo achiwiri, amaona pepala lolongosoka asanawerenge n'komwe chiganizo chilichonse. M'mathero musalowetse mfundo yatsopano kapena buku latsopano.

Pa masamba 30 anuwo, ine ndikanagawa chonchi: atatu a mawu oyamba, 7 kapena 8 a zimene ena analemba, anayi a njira, 6 kapena 7 a zopeza, 6 a zokambirana, awiri a mathero. Si lamulo, koma kagawidweka kakuchenjezani mukaona kuti chaputala chachiwiri chadya theka la pepala. Musalembenso kuyambira tsamba loyamba kutsika. Yambani ndi njira, poti mukuidziwa kale, kenako zopeza, zokambirana, n'kubwerera kukakonza mawu oyamba. Chidule cha pepala lonse, chimene timachitcha abstract, chimakhala kutsogolo koma chimalembedwa pomaliza, ndipo mu APA kawirikawiri sichipitirira mawu 250.

Ndinenepo pang'ono za amene akulemba nkhani ya mtsutso m'maphunziro a mbiri, malamulo kapena zolembalemba. Iwo satsata IMRaD. Amanena mbali yawo m'ndime yoyamba kapena yachiwiri, magawo otsatirawo n'kukhala zifukwa ndi umboni, kuphatikizapo kuyankha otsutsa. Koma kuyesa kwake ndi kumodzi kwa onse: werengani chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ngati ziganizozo zikulumikizana n'kumveka ngati nkhani, pepala laima. Pamene mwapunthwa, pamenepo pali ndime yosochera kapena ndime ziwiri zopanikizidwa pamodzi.

Tifike tsopano pa maonekedwe, ndipo ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso. Chaka china ndinkayang'anira mtsikana wina wakhama kwambiri. Kutatsala masiku awiri kuti apereke, anabweretsa lipoti la masamba oposa 60 looneka bwino. Ndinamupempha kuti awonjezere ndime imodzi m'chaputala chachiwiri, ndipo nkhope yake inagwa. Nditatsegula fayilo yake n'kudina kachizindikiro ka ¶ kamene kamaonetsa zobisika, ndinamvetsa. Mutu uliwonse anaukankhira pakati ndi batani la space. Chaputala chilichonse anachitsitsira pa tsamba latsopano podina Enter kambirimbiri. Tsamba la zam'katimu analitayipa pamanja, kadontho ndi kadontho mpaka kukafika pa nambala. Ndime imodzi yowonjezerayo inasuntha zonse, ndipo anachezera usiku kukonza ntchito imene kompyuta imaichita m'kuphethira kwa diso. Palibe anali atamuonetsapo. Zinandikhudza, chifukwa kwa miyezi itatu ndinkangowerenga zosindikiza osapempha kuona fayilo. Kuyambira pamenepo wophunzira aliyense ndimayamba naye pa Styles.

Mu Microsoft Word, pa Home pali bokosi lotchedwa Styles. Musanatayipe kanthu, dinani Normal ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Modify, muike fonti, kukula kwake ndi mpata wa mizere kamodzi kokha. Chitani chimodzimodzi pa Heading 1, Heading 2 ndi Heading 3. Kuchoka apo, mutu wa chaputala musamaudetse ndi kuukulitsa pamanja, muzingoupatsa Heading 1. Mutu wa gawo la m'kati mwa chaputala, Heading 2. Mukatero, pa References mupeza Table of Contents, ndipo tsamba la zam'katimu lidzipanga lokha. Mukasintha kanthu, mungodina Update Table, manambala onse n'kukhala m'malo. Chaputala chatsopano chiyambe ndi Ctrl+Enter, osati Enter wobwerezabwereza. Google Docs ndi LibreOffice Writer nazonso zili ndi zida zomwezi.

Pali phindu lina limene ambiri salidziwa. Pa View, chongani Navigation Pane. Kumanzere kuoneka mitu yanu yonse yokhayokha, ndipo mutha kukoka gawo lathunthu ndi mausi n'kuliika pena. Apa ndi pamene maonekedwe ndi kasanjidwe ka mfundo zimakumana. Mafupa a pepala lanu ali poyera, ndipo mukhoza kuona ngati magawo a zopeza akutsatanadi ndi zolinga zija.

Ngati dipatimenti yasankha APA, onetsetsani kuti mukutsata buku lake la malangizo la nambala 7 (APA 7), limene bungwe la American Psychological Association linatulutsa mu 2019, chifukwa pa intaneti padakali zitsanzo zambiri za nambala 6 ndipo zimasiyana. Malire a tsamba ndi masentimita 2.54 mbali zonse. Mizere imatalikirana kawiri pepala lonse, ngakhale pa mndandanda wa mareferensi. Mzere woyamba wa ndime umalowa m'kati masentimita 1.27. Mawu amafola kumanzere, kumanja n'kusiyidwa osalingana. Nambala ya tsamba imakhala pamwamba kumanja. Fonti mutha kusankha pakati pa zingapo, monga Times New Roman 12, Calibri 11 kapena Arial 11, bola ikhale imodzi pepala lonse. Mutu waukulu umakhala pakati ndi wakuda bii, wachiwiri kumanzere ndi wakuda bii, wachitatu kumanzere, wakuda ndiponso wopendekeka. APA imalola mitu mpaka magulu asanu, koma pa masamba 30 atatu ndi okwana. Madipatimenti ena amafuna mpata wa 1.5, kapena malire akumanzere okulirapo kuti pepala likamangidwa mawu asabisike. N'chifukwa chake ndinati kabuku kawo kayambe. Onaninso kukula kwa pepala pa Layout: Word nthawi zina imabwera itaikidwa pa Letter, pomwe inu mukasindikiza pa A4, ya mamilimita 210 ndi 297, ndipo masamba amasuntha.

Chimene chimaliza ophunzira ambiri ndi manambala a masamba oyambirira, aja a i, ii, iii, pamene chaputala choyamba chiyenera kuyambira pa 1. Kumapeto kwa masamba oyambirirawo pitani pa Layout, Breaks, musankhe Next Page pansi pa Section Breaks. Lowani pamene pali nambala ya tsamba m'chaputala choyamba, muzimitse Link to Previous, kenako pa Format Page Numbers muuze kuti ayambire pa 1. Mukaiwala kuzimitsa Link to Previous, chimene mwafufuta kapena kuwonjezera mbali imodzi chichitikanso mbali inayo.

Tebulo ndi chithunzi chilichonse chikhale ndi nambala ndi mutu, ndipo mu APA 7 zonse ziwiri zimakhala pamwamba. Gwiritsani ntchito Insert Caption kuti manambala azisintha okha. M'nkhani lembani kuti "Tebulo 3 likusonyeza", osati "tebulo lili m'munsili", chifukwa mawa lidzakhala pa tsamba lina. Tebulo limene simunalitchule m'nkhani lilibe ntchito. Ndipo musabwereze manambala onse a m'tebulo m'ndime, nenani chimodzi kapena ziwiri zimene wowerenga ayenera kuona.

Mareferensi amasiya kuopsa ukamvetsa chifukwa chimene masitayilo amasiyanirana. APA ndi Harvard zimaika dzina ndi chaka, chonchi: (Swales, 1990), chifukwa m'maphunziro amenewo wowerenga amafuna kudziwa msanga ngati umboniwo ndi watsopano kapena wakale. MLA, ya ophunzira zilankhulo ndi zolembalemba, imaika dzina ndi tsamba, (Swales 141), chifukwa kumeneko chofunika ndi kukapeza mawu enieniwo. Vancouver, imene inachokera ku msonkhano wa akonzi a magazini a zachipatala mumzinda wa Vancouver mu 1978, imangoika manambala, monganso IEEE ya mainjiniya, kuti chiganizo chokhala ndi maumboni asanu chisadzaze ndi mayina. Akatswiri a mbiri amakonda Chicago ya timawu tam'munsi mwa tsamba, poti kalata yakale ya m'nkhokwe imafuna malo oifotokozera. Palibe yoposa inzake. Cholakwa ndi kusakaniza, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chimene aphunzitsi anu anaona: referensi ina yokopedwa apa, ina apo, iliyonse ndi kavalidwe kake.

Mu APA, mukatenga mawu enieni a munthu, ikani zizindikiro zogwira mawu ndi tsamba lomwe: (Swales, 1990, p. 141). Mawu ogwidwawo akafika 40 kapena kuposa, amakhala pa ndime yawoyawo yolowa m'kati, opanda zizindikiro zija. Olemba akakhala atatu kapena kuposa, mumalemba woyamba yekha n'kutsatiza et al. (kutanthauza "ndi ena") kuyambira ulendo woyamba. Pa mndandanda wa kumapeto, referensi iliyonse imayankha mafunso anayi motsatana: ndani, liti, chiyani, kuti. Ndiye kuti wolemba, chaka, mutu wa ntchitoyo, ndi kumene ikupezeka. Mndandandawo umatsata afabeti, mzere woyamba uli kunja, yotsatira italowa m'kati, zimene Ctrl+T imachita. Ngati nkhaniyo ili ndi DOI, nambala yosasintha ija yoyamba ndi 10, ilembeni ngati linki yoyamba ndi https://doi.org/. Ngati buku simunaliwerenge nokha koma munangoliona litatchulidwa ndi wina, nenani choncho, ndipo pa mndandanda muike limene munawerengalo.

Musanapereke, sindikizani mndandandawo, mutenge cholembera, muwerenge pepala lonse. Dzina lililonse limene mwakumana nalo m'nkhani, lichongeni pa mndandanda, muonenso ngati chaka chikufanana. Dzina losowa pa mndandanda ndi vuto. Referensi yotsala yosachongedwa ndi vutonso, ichotseni. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ochonga ambiri amayesa zomwezi pa mayina atatu kapena anayi.

Pulogalamu ya Zotero, yaulere, imene inayambira ku George Mason University mu 2006, imasunga mabuku anu, imalowetsa mareferensi mu Word, ndipo imatha kusintha pepala lonse kuchoka ku APA kupita ku sitayilo ina nthawi imodzi. Mendeley imachitanso zofanana. Iyambeni tsiku limene mwayamba kuwerenga, osati sabata yomaliza. Koma imangotulutsa zimene mwaipatsa: dzina likalowa molakwika, lituluka molakwika, choncho onani chilichonse chikamalowa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Polemba manotsi, mawu alionse amene mwakopera ndendende aikeni m'zizindikiro zogwira mawu nthawi yomweyo, ndi tsamba lake. Ophunzira ambiri amene ndawaona akuimbidwa mlandu wakuba nzeru za eni sanachite dala. Patapita milungu itatu anaiwala kuti chiganizo cha m'kope mwawo si chawo. Pulogalamu ya Turnitin, yoyezera mapepala a ophunzira, imangoonetsa mawu ofanana ndi a kwina, siweruza kuti mwaba, choncho musalimbane ndi kutsitsa peresenti posinthanitsa timawu. Tsekani buku, mulembe mfundoyo mmene mwaimvera, n'kutchula mwini wake. Chachiwiri, mapulogalamu ngati ChatGPT amatha kupeka mareferensi ooneka enieni, okhala ndi dzina, chaka ndi magazini, koma osapezeka kulikonse. Chimene simunachitsegule ndi kuchiwerenga nokha chisalowe pa mndandanda wanu.

Tsiku lopereka, dinani Update Table komaliza, musunge fayilo ngati PDF ngati dipatimenti ikulola, chifukwa fayilo ya Word imatha kusuntha ikatsegulidwa pa kompyuta ina yopanda fonti yanu. Tsegulani PDF imeneyo muiyang'ane tsamba ndi tsamba: mutu wotsala wokha pansi pa tsamba, tebulo loduka pakati, tsamba lopanda kanthu. Fayiloyo ipatseni dzina limene aphunzitsi alamula, ndipo ngati sanalamule, nambala yanu ya kuyunivesite ndi kodi ya kosi n'zokwanira.